Anamgumi amene ndinawamva mochedwa

Ntchito yomvetsera anamgumi sindinaifunsire. Inandipeza ndili ndi mopu m'manja.

Ndine Patuma, kwathu ndi ku Ntaja. Ku Doha ndinabwera kudzera mu kampani yoyeretsa m'maofesi, imene inkatigoneka ku Al Asmakh, akazi asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. M'mawa uliwonse basi inkatitula mmodzimmodzi m'malo athu. Ine inkanditula ku Al Hilal, pa nyumba ina yampanda imene anaisandutsa ofesi. Mmenemo munali kakampani ka anthu oyeza phokoso la pansi pa nyanja. Wina akafuna kumanga doko, iwo ankamiza zida zawo m'madzi kuti amve ngati nyama za m'nyanjamo zikusokonezeka. Ine zimenezo sizinkandikhudza. Zanga zinali zimbudzi ziwiri, khitchini, makapu a tiyi, ndi fumbi la m'mawindo, limene kuno silitha.

COVID itafika, maboti anaima. Antchito awiri a pakompyuta amene anali atapita kwawo kutchuthi anatsekeredwa komweko. Muofesi munatsala Dokta Nadia, bwana wa kakampaniko, mayi wa ku Tunisia, wamfupi, woyankhula mothamanga. Kuti kampani isafe, anzawo a ku Canada, kumene iwo anaphunzira, anawatumizira ntchito ina: mahadi dirayivu atatu, zosungira zinthu za pakompyuta, odzaza ndi mawu ojambulidwa pansi pa nyanja ya kumpoto kwenikweni kwa dziko, kumene madzi amaundana mpaka munthu kuyendapo.

Tsiku lina, m'chaka chachiwiri cha matendawa, pulinta inagwira pepala. Dokta anaimenya kawiri n'kuisiya. Ine ndinatsamiritsa mopu kukhoma, ndinatsegula kumbuyo kwa pulintayo n'kusolola pepalalo, kenako ndinafufuta zimene zinali zitaunjikana pakompyuta kudikira kusindikizidwa. Anandiyang'ana pamwamba pa masiki.

"Unaphunzira kuti zimenezi?"

Ndinawauza kuti nditamaliza Fomu 4 ndinachita kosi ya kompyuta ku Liwonde.

"Kasambe m'manja. Ukhale apa."

Anandiveka mahedifoni. Poyamba ndinangomva kuwaza, ngati mvula yakutali. Anati mawu amene tikufunawo ndi okwera kwambiri, khutu la munthu silingawagwire, ndiye anawachedwetsa kakhumi. Pamenepo ndinamva: tche, tche, tche, tche, ngati wina akugogoda kamwala pamalata. Kugogodako kunayamba kufulumira mpaka kunakhala ngati makina osokera, kenako kunadukiza.

"Wagwira nsomba ameneyo," anatero Dokta.

Nyamayo amati beluga. Ndi namgumi woyera mbuu, wotalika ngati galimoto, wa chipumi chotukuka ngati chatupa. Si nsomba ayi. Amapuma mpweya ngati ife kudzera pa kabowo ka pamutu, choncho pakapita mphindi zingapo ayenera kutulukira pamwamba. Koma kwawoko pamwamba pamakhala denga la ayisi, ndipo nyengo yozizira dzuwa limatha milungu yambiri osatuluka. Maso samuthandiza, ndiye amaona ndi makutu. M'mphuno mwake, pansi pa kabowo kaja, muli timilomo timene amatimenyanitsa n'kutulutsa kaphokoso kakafupi, kamene pantchito timati kiliki. Mafuta a pachipumi amasonkhanitsa makilikiwo n'kuwalunjikitsa kutsogolo ngati kuwala kwa tochi. Akagunda nsomba, mwala kapena ayisi amabwerera, ndipo beluga amawalandirira m'chibwano cha m'munsi, n'kupita kukhutu. Akabwerera msanga, chinthucho chili pafupi. Akachedwa, chili patali. Ayisi wokhuthala amabweza mawu mwa mtundu wake, wopyapyala mwa mtundu wakenso, ndipo pamene pali mng'alu wa madzi osaundana amabwerera mosiyana. Umo ndi mmene amapezera popumira mumdima. Ndinawauza Dokta kuti kwathu mileme imachita chimodzimodzi. Anaseka, nati ndiye theka la ntchito ndikulidziwa kale.

Chida chojambulira amati haidirofoni, ndiye kuti maikolofoni ya m'madzi. A ku Canada aja anaimangirira ku chitsulo cholemera n'kuimiza pamalo pamene nyanja imalowerera kumtunda ngati thumba, pakati pa mapiri awiri. Inkadziyatsa yokha mphindi khumi pa ola lililonse, chaka chathunthu, mpaka anabwera kudzaivuula. Mphindi khumi zilizonse zinali fayilo imodzi, yokhala ndi deti lake ndi ola lake.

Ntchito yanga inali kutsegula mafayilowo motsatana mu pulogalamu imene imaonetsa mawu ngati chithunzi. Makiliki amaoneka ngati timizere toimirira, tondondozana ngati mano a chipeso. Ndikawapeza ndinkawazunguliza kabokosi ndi mausi, n'kumvetsera, kenako n'kulemba chilembo mu tebulo pambali pa nambala ya fayilo. K anali makiliki. N ankaimira pamene makiliki athinana mpaka kulira ngati njuchi, kusonyeza kuti akusaka. L anali likhweru, poti mabeluga amaitanizana kwambiri. A anali ayisi, ndipo mukapanda chamoyo ndinkalemba 0. Kompyuta payokha inkayesa kuwerenga, koma ayisi ankaipusitsa, chifukwa akamasweka nayenso amatulutsa timizere. Pofuna kusiyanitsa panali lamulo limodzi: timizere tisachepere pa tisanu ndi titatu, ndipo titalikirane mwandondomeko.

"Ayisi amangosweka chiswekesweke," anatero Dokta. "Chamoyo chimakhala ndi ndondomeko. Ukakayika, usalembe K."

Kwa miyezi iwiri ndinkakolopa m'mawa, masana n'kukhala pakompyuta. Lachinayi lililonse tebulo linkakwezedwa pa intaneti kuti a ku Canada alione. Ankati zolemba zanga ndi zoyera. Ndiye Dokta anati akufuna kundilemba ntchito yeniyeni.

Nthawi imeneyo malamulo a ntchito anali atangosintha. Kale sukanachoka pa kampani popanda kalata ya chilolezo ya bwana wako. Tsopano unkangopereka notisi, bwana watsopano n'kusaina kontirakiti pa intaneti, boma n'kuvomereza. Ndinapereka notisi ya mwezi umodzi. Supavayiza wa kampani yathu anaiwerenga ali chiimire.

"Tsiku limeneli likakwana, bedi lako tikupatsa wina. Khalas, zatha."

M'chipinda mwathu munali Anti Hawa a ku Mangochi, amene anali atakhala ku Doha zaka zambiri ndipo ankagona pa bedi la m'munsi mwa langa. Sanakondwe.

"Iwe Patuma, warizaina asanasaine? Marifomu a malamulo amenewa ife timangowamva. Bwanji akakusinthira maganizo madamu akowo?"

Ndinawauza kuti Dokta akungodikira meseji ya ku boma kuti asaine. Anangoti, "Inshallah," n'kupitiriza kupinda yunifolomu.

Pakati pa mwezi wa notisiwo Dokta anatentha thupi. Atayezetsa COVID, apu ya pafoni imene tonse tinkaonetsa pakhomo lililonse inawasandukira yofiira. Yanga inakhalabe yobiriwira. Anandisiyira kiyi ndi mawu akuti ndipitirize, ndiziwaimbira pakavuta. Meseji ya ku boma inali isanabwere.

Mafayilo a nyengo yotentha anali ngati msika: malikhweru, makiliki, njuchi, zonse pamodzi. Kenako anayamba kuchepa, mpaka ndinayamba kulemba 0 wokhawokha. Dokta anali atandiuza kale kuti zidzatero, chifukwa kuzizira kukamayandikira mabeluga amatuluka m'thumbamo kupita kumene nyanja siundana. Ndinkayembekeza kulemba 0 mpaka kumapeto kwa hadi dirayivu.

Koma pa tsiku lachitatu ndili ndekha muofesi, makiliki anabwerera. Fayilo yotsatira analimonso. Yotsatiranso. Ndinadutsa mafayilo a masiku asanu, ola ndi ola, osapeza ngakhale imodzi yopanda kanthu. Mphamvu ya mawu sinkasintha, kusonyeza kuti sakusuntha pamalopo. Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti N kunalibe. Sankasaka. Ankangogogoda, kugogoda, ambiri nthawi imodzi, ndipo pakati pawo panali kamawu kena kopyapyala, kosakhwima, kobwereza kulira kumodzimodzi. Kamawu koteroko ndinali nditaphunzira kale kuti ndi ka mwana.

Ndinawaimbira Dokta. Anayankha ndi mawu osasa. Ndinawatumizira madeti, iwo anatsegula laputopu kunyumba kwawo n'kuyang'ana zithunzi za setilaiti za masiku amenewo. Ndinkawamva akupuma pafoni.

"Atsekeredwa," anatero.

Anafotokoza modukizadukiza. Kuzizira kunabwera mwadzidzidzi mphepo itaima, pakamwa pa thumba paja panaundana iwo akadali m'kati. Anatsala ndi bowo limodzi, limene ankaliteteza poswa ayisi watsopano ndi misana yawo. Madzi otseguka anali patali kuposa pamene mpweya umodzi ungawafikitse. Makiliki amene ndinkamvawo anali kufufuza denga, kufuna mng'alu wina.

"Ndiye tiimbire ndani?" ndinafunsa. Ndinali nditaimirira kale, cholembera m'manja. "A ku Canada aja ali ndi sitima. Mundipatse nambala ndiwaimbire ine ngati inu simungathe."

Anatsokomola nthawi yaitali.

"Patuma, taona chaka pa fayiloyo."

Ndinkachidziwa chakacho. Ndinali nditachilemba kambirimbiri. Zonsezi zinachitika chaka ndi miyezi ingapo m'mbuyomo, ine ndikukolopa khitchini yomweyi. Ndinakhala pansi.

"Pitiriza kulemba," anatero. "Palibenso china."

Mawa lake mwamuna wawo ananditumizira meseji yakuti Dokta awagoneka m'chipatala. Foni yawo inazimitsidwa.

Za mabeluga aja ndinawauza Anti Hawa m'basi m'mawa, titakhala motalikirana mpando umodzi monga ankatilamulira. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Kontirakiti yako sinasainidwe, madamu ako ali ku hosipito, iwe ukudandaula za nsomba?"

"Si nsomba, Anti. Zimapuma ngati ife. Pali ndi mwana."

"Ndiye iwe uzitani nazo?"

Ndinatembenukira kuwindo. Koma tsiku lotsatira, basi itaima pa geti la ku Al Hilal, anandikoka mkono wa yunifolomu. "Ukandiuze madzulo kuti zako zija zili bwanji."

Masiku otsatirawo ndinkatsegula geti, kuyatsa eyakoni, kukolopa pansi pamene palibe anapondapo, kenako kuvala mahedifoni. Tsiku limodzi langa linkadya pafupifupi sabata yawo. Poyamba timizere tinkapiringizana chifukwa ankagogoda ambiri. Kenako ndinayamba kutha kuwawerenga: asanu ndi mmodzi mwina, kenako anayi. Malikhweru anachepa. Kamawu ka mwana kanalipo Lolemba, kanalipo Lachiwiri m'mawa, koma Lachiwiri masana sindinakapezenso. Ndinabwerera m'mbuyo kukafuna fayilo yomaliza imene kanalira. Ndinaimvetsera kanayi. Sinali yosiyana ndi zinzake.

Lachinayi la sabata imeneyo ndi limene sindiliiwala. Anali atatsala masiku anayi kuti notisi ithe. Tinali m'mwezi wa Ramadani, kunja kukutentha kale. Ndikutsika basi, supavayiza ananditumizira meseji yondikumbutsa kuti Lolemba ndikhale nditalongedza ndi kubweza yunifolomu. Meseji ya ku boma nayo inali itafika dzulo lake: kontirakiti yakonzeka, ikudikira bwana watsopano asaine. Ndinawaimbira mwamuna wa Dokta ndili pa geti.

"Ali pa okosijeni," anatero. "Sakuyankhula. Nanenso sakundilola kulowa. Pepani, mlongo."

Sindinatchule za kontirakiti. Ndikanayamba bwanji?

Ndinalowa n'kutsegula fayilo yoyamba ya tsikulo. Munatsala awiri. Ndinkawasiyanitsa bwinobwino, wina wogogoda mofulumira, wina mochedwa. Ankayamba, kusiya, kuyambanso. Cha m'ma teni koloko ndinafika pa mafayilo odzaza ndi phokoso limene ndinali ndisanalimvepo. Chithunzi chonse chinada bii. M'mahedifoni munali kubuula, kukhuluzika, kuphulika, ngati nyumba ikugwa kwa maola ambiri. Kunja kwawoko kunali chimphepo, ndipo ayisi yense ankasuntha. Ndinalemba A, A, A, mafayilo khumi ndi asanu ndi awiri.

Phokosolo litatha ndinatsegula fayilo yotsatira. Munalibe kanthu. Ndinaichedwetsa kakhumi n'kuimvetsera yonse, ngakhale kutero kumadya nthawi yoposa ola ndi theka. Munali kuwaza kokhakokha. Ndinalemba 0. Yotsatira 0. Yotsatira 0.

Ndinavula mahedifoni. Muofesi munali zii, eyakoni yokha. Ndinapita kukachita udhu, kusamba kokonzekera pemphero, ndinaswali swala ya masana ya Dhuhur pakona pamene ndinkasunga mkeka wanga, ndinawapempherera Dokta. Za mabeluga sindinadziwe chopempha, poti zawo zinali zitatha kale, kaya zinatha bwanji. Ndinayesanso foni ya Dokta ngakhale ndinkadziwa kuti ndi yozimitsa.

Nditabwerera pakompyuta ndinachita chinthu chimene ndinaphunzitsidwa kuti ndisamachite. Mu pulogalamu muja muli kabatani kowonjezera kuwala kwa chithunzi, kuti mawu ofooka aoneke. Dokta anakaika pa muyezo umodzi nati ndisakakhudze. Ine ndinakakweza. Chithunzi chinadzaza timadontho, ndipo pakati pa timadonthoto ndinaona timizere. Tinali tisanu. Sitinatalikirane mofanana. Ndinatiyang'ana nthawi yaitali, ndinadziuza kuti mwina ali patali, mwina atembenukira kwina ndiye ena sanamveke. Ndinazunguliza kabokosi n'kulemba K.

Yachiwiri sinandivute ngati yoyamba. Ukakweza kabatani kaja, timizere umatipeza paliponse pamene ukufuna. Pofika nthawi ya Asir, swala ya chakumadzulo, ndinali nditalemba K pa mafayilo makumi anayi ndi atatu. Sindinganame kuti ndinasokonezeka. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ndi ayisi akukhazikika chimphepo chitadutsa. Koma nthawi iliyonse ndikalemba K pachifuwa pankapepuka pang'ono, ndipo tsiku limenelo panalibe china chilichonse chimene dzanja langa likanatha kusintha. Linali Lachinayi, choncho ndisanatseke ndinakweza tebulo pa intaneti monga mwa masiku onse.

M'basi Anti Hawa anafunsa za mabeluga aja. Ndinati, "Alipo."

"Alhamdulillah," anatero, n'kundipatsa chipatso cha tende choti ndifutulire pomasula kusala.

Lolemba ndinabweza yunifolomu. Anti Hawa anali atayankhula ndi namwino wina wa ku Zomba amene ankakhala ku Al Markhiya, ndipo iye anandilola kuyala matiresi m'chipinda chake. Ndinakhala mmenemo masabata awiri ndi theka. Sindinali wa kampani yakale, sindinali wa yatsopano. Sindinkatuluka, kuopa kufunsidwa ID ndi kulephera kufotokoza kuti ndine wa ndani. Amayi akaimba kuchokera ku Ntaja ndinkawauza kuti ntchito ikuyenda. Ndinkatsuka mbale za mwini chipinda, kuyang'ana foni, kutsukanso zimene ndatsuka kale. Ndipo mafayilo makumi anayi ndi atatu aja sankandichoka m'mutu.

Dokta anatuluka m'chipatala Idi itadutsa. Anandiitana ku ofesi. Ndinawapeza atachepa thupi, akupumira pakati pa chiganizo. Pa sikirini imodzi panali kontirakiti yanga, yongodikira iwo. Pa inayo panali imelo ya ku Canada.

"Akondwa nawe kwambiri," anatero. "Zithunzi za setilaiti zikuonetsa kuti patapita masiku awiri chimphepo chija chitatha, mng'alu waukulu unatseguka kufupi ndi pakamwa pa thumba. Zolemba zako zikuonetsa kuti mabeluga anali akadali moyo mpaka nthawi imeneyo. Akufuna kulemba kuti ena anapulumuka."

Anasuntha mausi kupita ku kontirakiti. Ndikanangokhala chete mphindi imodzi yokha, akanasaina. Ndinaganiza za matiresi a ku Al Markhiya, ndi za kubwerera ku Ntaja chimanjamanja. Koma ndinaganizanso za anthu amene adzawerenge kuti anapulumuka, n'kukhulupirira chifukwa choti ine ndinalemba.

"Dokta, musanasaine, mutsegule mafayilo a pambuyo pa chimphepo."

Anandiyang'ana, kenako anatsegula. Anabweza kabatani kaja pa muyezo wake. M'kabokosi kanga koyamba munalibe chilichonse. Anatsegula yachiwiri, yachitatu, mpaka ya khumi.

"Uyu ndi ayisi."

"Eya."

"Unalakwitsa, kapena unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Anavula magalasi n'kutseka maso. Sanakalipe, mwina analibe mpweya wokalipira. Anati ayenera kuwalembera a ku Canada tsiku lomwelo, ndipo iwo adzakayikira chilichonse chimene ndinalembapo kuyambira pachiyambi. Anati ntchito yotsatira imene ankayembekezera kwa iwo mwina siibweranso. Kenako anatseka sikirini ya kontirakiti ija.

"Sindisaina lero. Sindikudziwa ngati ndisaine."

Ndinafunsa ngati ndingapite. Anati ayi, ndikhale pansi ndikonze zimene ndinawononga, iwo ali pompo.

Ndinafufuta timabokosi tija kamodzikamodzi. Pa fayilo iliyonse ndinkachotsa K n'kulemba 0, iwo akuyang'ana. Zinatenga masana onse. Titafika pa yomaliza ndinafunsa funso limene linali pakhosi panga kuyambira Lachinayi lija.

"Ndiye kuti anafa?"

"Sindikudziwa."

"Koma inu mukuganiza bwanji?"

"Chimphepo chija chikanatha kutseka bowo lawo. Chikanathanso kung'amba njira yaing'ono imene setilaiti siingaone, iwo n'kuipeza ndi makiliki awo n'kutuluka phokoso lili m'kati. Akafa, haidirofoni imamva zii. Akachoka, imamvanso zii." Anapuma kaye. "Ziro sakutanthauza kuti afa, Patuma. Akutanthauza kuti sitinamve."

Sabata yotsatira yonse ndinkabwera pa sitima ya metro m'mawa, n'kubwereza mafayilo amene a ku Canada anasankha mwachisawawa pa ntchito yanga yakale, Dokta akuyerekeza ndi zawo. Sanapeze china cholakwika. Lachinayi masana anandiitana, anatsegula kontirakiti n'kusaina. Ntchito yotsatira ya ku Canada sinabweredi. Dokta sanandinenepo za iyo, koma ndinkadziwa chifukwa chake, ndipo miyezi ya pambuyo pake inali yowawa pa kampani mpaka maboti atayambanso kuyenda.

Anti Hawa ndinawauza zoona tsiku lina Lachisanu atabwera kudzandiona. Anati, "Ndiye unandinamiza ndi ine ndemwe." Ndinavomera. Sanabwererenso pa nkhaniyo, koma sanandifunsenso za mabeluga.

Ndikadali pa ntchito yomweyi. Masiku ano ndimamvetsera kwambiri nyanja ya kuno, madolofini ndi phokoso la sitima, ndipo nthawi zina ndimakwera nawo boti kukamiza haidirofoni. Chimene ndinatenga pa masabata amene aja si luso la makutu. Ndinaphunzira kuti tsiku limene ndikufunitsitsa kumva chinachake ndi tsiku limene makutu anga sayenera kukhulupiriridwa. Likafika tsiku lotero ndimaimirira, ndimasiya fayilo ili yotsegula, ndipo ndimaitana wina adzaione. Munthu ukasowa chochita, dzanja limafuna kuchitabe kanthu, ndipo chimene chili pafupi ndi kukonza nkhaniyo papepala.

Za mabeluga awiri omaliza aja, wofulumira ndi wochedwa, sindinadziwe mpaka lero. M'lipoti lomaliza, pa mzere wonena za mathero awo, Dokta anandiuza kuti ndilembe ndine. Ndinalemba kuti sizikudziwika. Ndinayang'ana mawuwo nthawi yaitali, kufuna chowonjezera, koma panalibe. Ndinasunga fayiloyo n'kutsegula yotsatira.